Anamwino anzanga, kontrakiti ya kunja muziyamba kuwerenga kumapeto

Mwezi uno wokha anthu atatu anditumizira ma ofa leta pa WhatsApp kuti ndiwaonereko, awiri ali kumudzi ndipo ntchito zake ndi za ku UK konkuno, mmodzi ndi mng'ono wanga wa ku America, ndipo onse funso lawo ndi limodzi, "Asisi, ndalamayi ili bwino?" Olo mmodzi sanandifunse kuti nanga zikakandivuta kumeneko ndikatuluka bwanji. Wina anachita kujambula tsamba loyamba lokha pomwe pali salale, nambalayo ataizunguliza ndi bolopeni yofiira, mmunsi mwake atawerengetsa kale kuti mu makwacha ikukwana zingati. Nditamuuza kuti anditumizire masamba onse anandiyankha kuti enawo ndi za malamulo chabe. Mtima unandiwawa zedi, chifukwa mawu amenewo ndinawayankhulapo ine ndemwe mu 2021, ndipo za malamulo chabe zimenezo ndi zomwe zinandimangirira zaka zitatu pa malo omwe mmawa uliwonse ndinkayamba ndalira kaye kubafa ndisanavale yunifomu.

Nde maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosapsatira. Ntchito ya unamwino ya kutali ndi kwanu, kaya ndi ya zaka zitatu ku England, kaya ndi ija ya masabata 13 yomwe ku America amati travel nursing, kaya ndi ku Saudi, ubwino kapena kuipa kwake sikuonekera pa nambala ya malipiro ayi. Kumaonekera pa khomo lotulukira. Bwana amene akudziwa kuti pa malo pake anthu amakhala mosangalala saona chifukwa chokhomera chitseko ndi misomali, koma amene akudziwa kuti mukangofika n'kuona mmene zinthu zilili muthawa, ameneyo amayamba wakonza unyolo inu musanakwere ndege, ndipo unyolowo amaubisa ku masamba akumapeto komwe maso amakhala atatopa kale.

Sindikuletsa munthu kupita, chonde timvetsetsane pamenepo. Ine ndili kunja, ana anga akuphunzira ndi ndalama za kuno, nyumba ya mayi anga ili ndi malata chifukwa cha ma naiti a kuno, nde ndingakhale wabodza nditati khalani. Ndikudziwa mmene zimawawira kumaliza ku KUHeS kapena ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Malamulo, kulemba mayeso a khonsolo n'kukhoza bwinobwino kenako n'kukhala pakhomo zaka ukudikira ma intavyu a boma, ukudalira ka locum, kaganyu ka pa chipatala komwe ndalama yake imabwera utaiwala kale kuti unagwira liti. Ndikudziwa zomwe kwacha inatichita mu November 2023 itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, salale yomwe inali yochepa kale n'kusanduka ya sopo ndi mchere. Ndipo tonse tikukumbuka mu 2022 pomwe bungwe lathu la anamwino la NONM linalengeza kuti lapeza mwayi woti anamwino osowa ntchito apite ku America ndi ku Saudi Arabia, boma n'kuimitsa, anthu n'kubwerera kukakhala pakhomo pomwe paja. Munthu wotere ukamuonetsa pepala lolembedwa mapaundi manja amanjenjemera, ndipo ma ejenti achinyengo kunjenjemera kumeneko amakudziwa bwino, ndi pomwe amadyera.

Yanga inandipeza ndili pa naiti ku wodi ya amuna pa chipatala china cha boma kummwera. Magetsi anali atazima, jenereta ikungounikira ku thiyeta, ine ndakhala pa benchi ndikuwerenga pa kafoni kosweka galasi, kontrakiti ya masamba 14, tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere. Ejenti anali atandiimbira katatu tsiku limenelo kuti mawa 12 koloko isanakwane ndikhale nditasaina, apo bii malo apatsa wina wa ku Zimbabwe. Tsamba loyamba ndinawerenga kawiri, lachiwiri kamodzi, ena onsewo ndinangoyendetsa chala. Kutacha, ndisanapite kukagona, ndinalowa mu kashopu kosindikiza mapepala pa boma, ndinasaina nditatsamira pa kauntala, mnyamata wa pamenepo anasikana n'kutumiza, basi nkhani yatha, ndinafika kunyumba ndikuimba nyimbo. Ndinakafikira ku nyumba yosungira okalamba kumpoto kwa England, ndipo patatha miyezi ingapo nditalandira PIN, nambala yondiloleza kugwira unamwino kuno, nditaona kuti usiku ndikumatsala namwino ndekha ndi okalamba oposa 40 pa nyumba yosanja, ena a shuga, ena osameza, ena oti akagwa sadzuka, ndinapita kwa manijala kukanena kuti ndapeza malo ku chipatala cha boma, cha NHS, ndipo ndikufuna kuchoka. Sanakalipe olo pang'ono. Anangotsegula dirowa, n'kutulutsa pepala lomwe lija ndinasaina pa kauntala, n'kuika chala pa tsamba 12. Mukachoka zaka zitatu zisanathe mubweza £9,500, yonse, nthawi imodzi, kaya mwagwira mwezi umodzi kaya miyezi 35. Nditafunsa kuti ndalama imeneyi yakwana bwanji, ndionetseni malisiti a tikiti ndi viza, anangoti munasaina nokha.

Si ndalama yobweza iliyonse yomwe ili yoipa, zimenezi ndivomereze. Bwana akakulipirira ndege, viza, mayeso oonetsa luso la unamwino a OSCE omwe ndi £794, ndi renti ya mwezi woyamba, n'zomveka kuti sangafune uchoke pakangotha milungu itatu, ndipo zipatala za NHS nazonso zimaikamo ndime yotere. Koma yachilungamo imalembedwa mwatsatanetsatane, tikiti zakuti, mayeso zakuti, nyumba zakuti, ndipo imatsika chaka ndi chaka mpaka kutheratu, komanso imasiya mpata woti ukachoka chifukwa cha matenda, maliro kapena kuzunzidwa pa ntchito, akhale pansi aiganizirenso. Ndondomeko ya boma la UK yokhudza kulemba ntchito azaumoyo ochokera kunja imanena zomwezi, kuti ndalama yobweza izikhala yoonekera poyera, yolingana ndi zomwe bwana waonongadi, ndipo izichepa nthawi ikamapita. Komanso kuyambira pa 31 December 2024 bwana saloledwa kukukankhira ndalama ya laisensi yake yolembera anthu akunja kapena ya CoS, chikalata cha bwana chomwe umafunsira nacho viza, nde mukaziona pa mndandanda wa zobweza dziwani kuti munthuyu wayamba kale kukuberani. Vuto ndi lakuti kulemba malamulo ndi kwina, kuwatsata ndi kwina. Mu 2022 nyuzipepala ya Observer inatulutsa nkhani ya anamwino ochokera kunja omwe ankauzidwa kubweza mpaka £14,000 akafuna kuchoka. Ku America nako, mu 2019 khoti la ku New York linaweruza mlandu wa anamwino a ku Philippines omwe kontrakiti yawo inkati akachoka nthawi isanakwane alipire $25,000, ndipo woweruza anagamula kuti zimenezi zikuphwanya lamulo loteteza anthu ku mchitidwe wozembetsedwa ndi kugwiritsidwa ntchito mokakamiza. Taganizani bwino, kandime kamodzi ka mu kontrakiti khoti kuchita kukaika mgulu limodzi ndi kuzembetsa anthu, kandime komweko ife timakadutsa ndi chala.

Chomwe chimalimbitsa unyolo umenewu ndi viza. Ambiri kumudzi amaganiza kuti viza ndi ya dziko, ukangolowa walowa basi. Sizili choncho. Health and Care Worker visa imamangiriridwa pa dzina la bwana amene wakupatsa CoS, nde akakuchotsa, kapena iyeyo akalandidwa laisensi, a Home Office amakupatsa masiku 60 kuti upeze bwana wina wokhala ndi laisensi, zikakanika uzipita kwanu. Ndipo zolandidwa laisensizi si zongoopsezera ana, boma la UK linanena lokha kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda malaisensi oposa 470 kwa mabwana a ntchito zosamalira anthu, ndipo antchito omwe anakhudzidwa anaposa 39,000. Ndawaonapo ndi maso anga azimayi a ku Zimbabwe ndi ku Nigeria, ena anamwino enieni kwawo, akugona anayi chipinda chimodzi matilesi pansi, akudya zomwe atolera ku tchalitchi, atagulitsa maploti kwawo kuti agule CoS ya kampani yomwe ofesi yake inali nambala ya foni basi. Nde bwana akadziwa kuti kukhala kwako mdziko kuli mmanja mwake, ndipo kuchoka kwako kuli ndi mtengo woti sungaufikire, mawu ako amathera pakhosi. Akakusinthira rota usiku uvomera, akati ugwire masiku asanu ndi limodzi otsatizana uvomera, ukapeza agogo a eni ake akugonera zonyowa kuyambira madzulo chifukwa antchito ndi ochepa ukhala chete. Chomwe chinkandiliza kubafa kuja si kutopa ayi, kutopa tinakuzolowera kwathu, chinali kukhala chete kumeneku, ine namwino amene ndinalumbira kuyankhulira wodwala.

Ndipo kufufuza kwake si kovuta monga mmene anthu amaganizira. Mndandanda wa mabwana onse omwe ali ndi laisensi yolemba anthu akunja uli pa gov.uk, waulere, kabandulo kakang'ono kakwanira. Nyumba iliyonse yosungira okalamba ndi chipatala chilichonse ku England zimayenderedwa ndi bungwe la CQC ndipo malipoti ake ali pa intaneti, mukawerenga mupeza ngati anadandaula za kuchepa kwa antchito kapena kasungidwe ka mankhwala. Ine ndinadzawerenga lipoti la malo anga nditakhalapo kale chaka, ndipo zonse zomwe ndinkalira zinali momwemo, zolembedwa ine ndisanagule n'komwe sutikesi. Safunsa anadya phula, akulu sananame.

Pali chinanso chomwe Amalawi ambiri sakuchimvetsa. Dziko lathu lili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko 55 omwe ali ndi azaumoyo ochepa kwambiri, Zambia ndi Zimbabwe nawonso analowamo mu 2023, ndipo UK mndandanda umenewu imautcha red list. Sizikutanthauza kuti Mmalawi saloledwa kugwira ntchito kuno ayi, mukhoza kufunsira nokha mwachindunji ku chipatala chomwe chalengeza malo. Chomwe chinaletsedwa ndi ma ejenti ndi mabwana kubwera kudzakusakani. Nde munthu amene wakupezani yekha pa Facebook kapena mu gulu la WhatsApp n'kumati akulemba anamwino ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ameneyo wayamba ndi kuphwanya ndondomeko musanadziwane n'komwe, kodi mukuganiza kuti akafika pa inu ndi pomwe akhale wachilungamo? Akatchula za ndalama yoti akupezereni ntchito ndiye dulani foni, lamulo la ku UK la 1973 limaletsa ejenti kulipiritsa munthu wofuna ntchito, ndipo CoS sigulitsidwa ngati tomato.

Yang'ananinso kuti pepalalo likuti mukupita ngati ndani. Kuno simuli namwino mpaka NMC, khonsolo ya anamwino ya kuno, itakupatsani PIN, ndipo njira yake imayamba ndi mayeso a Chingerezi, IELTS ya 7 kupatula kulemba komwe amalola 6.5, kapena OET, kenako CBT, mayeso a unamwino a pa kompyuta, yomwe mukhoza kulemba musananyamuke, kenako OSCE yomwe mumachita mutafika. Pakati pa kufika ndi kukhoza OSCE mumalandira ndalama yotsika, ya giredi ya mmunsi, Band 3 kapena Band 4, osati ija mwaizunguliza ndi bolopeni yofiira, ndipo malamulo a viza amakupatsani miyezi 8 kuti mukhale mutapeza PIN. Nde funsani, maphunziro okonzekera OSCE alipo? A masiku angati, ndipo masiku amenewo mundilipira? Ndikalephera koyamba wolipira kachiwiri ndani? Ine anangonditumizira mafayilo pa imelo n'kuti ndiziwerenga ndikaweruka, ndinkayeserera kubaya jakisoni pa lalanje ku khitchini 11 koloko usiku, pomwe mnzanga amene anapita ku NHS anakhala milungu mu kalasi ali ndi mphunzitsi ndi zidole zophunzirira, salale ikulowa. Ndipo wina akakuuzani kuti pitani kaye ngati carer za unesi mukakonzera konko, dziwani kuti khomo limenelo linatsekedwa, kuyambira pa 22 July 2025 UK inasiya kupereka viza za ntchito ya carer kwa anthu ofunsira ali kunja, ndipo ngakhale lisanatsekedwe, kuchokera mu March 2024 ma carer sankaloledwanso kubwera ndi banja. Amene akukutsatsani CoS ya carer lero muli ku Malawi akukugulitsani mphepo.

Tsopano ndalama ija. Namwino woyamba kumene ku NHS ya ku England, Band 5, mu April 2025 ankayambira pa £31,049 pa chaka, maola 37.5 pa sabata. Mukaisintha mu makwacha ndi mamiliyoni oti mutu umazungulira, ndipo a malume akangoimva amayamba kuyeza ploti. Koma pa ndalama imeneyo adula msonkho wa 20 peresenti pa zomwe zaposa £12,570, adula National Insurance, adula penshoni, mmanja mufika pafupifupi £2,000 pa mwezi. Pamenepo mulipire renti, ine kachipinda kamodzi m'nyumba ya anthu asanu, bafa limodzi, ndinkalipira £550, ndipo uko ndi kumpoto komwe amati n'kotchipa, mukabwera ndi ana n'kufuna nyumba yanuyanu ndiye nkhani ina. Mulipire council tax, gasi wotenthetsera nyumba nthawi yozizira, basi, foni, ndipo viza yanu inalembedwa kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma, nde kamwana kakang'ono mukakasiya kosamalira ana ndalama yake ikhoza kudya theka la salale. Kwa mabwana oima paokha onetsetsani kuti maola alembedwa angati pa sabata, nthawi yopuma amalipira kapena ayi, usiku ndi Lamulungu pali zoonjezera kapena ndi mtengo umodzi, ndipo ngati nyumba akupatsani ndi iwo, adula zingati komanso mukafuna kusamuka akulolani. Nyumba ya bwana imakoma mwezi woyamba, koma tsiku lomwe mwasemphana naye mawu mumataya ntchito ndi pogona nthawi imodzi.

Mng'ono wanga wa ku America uja nkhani yake ndi yosiyanako, iye ali kumeneko zaka zitatu tsopano ndipo akufuna kusiya ntchito yokhazikika kuti ayambe travel nursing. Ndinene kaye kwa omwe muli kumudzi kuti mukaona malonda akuti travel nurse ku USA kunyamukira pa Chileka, kayikirani. Kuti mufike pamenepo mufunika mayeso a unamwino a NCLEX, laisensi ya state, satifiketi yotsimikizira mapepala anu ya VisaScreen, viza yomwe mzere wake umatenga zaka, ndipo makampani a travel nursing amafuna munthu amene wagwirapo kale chaka kapena ziwiri mu wodi yomweyo, chifukwa ukafika pa chipatala chatsopano amakuonetsa malo tsiku limodzi kapena awiri basi, lachitatu odwala ndi ako. Kontrakiti zake zambiri ndi za masabata 13, ma shifti atatu a maola 12 pa sabata. Nambala yomwe amaika pa malonda ndi ya pa sabata ndipo imaoneka yonona kwambiri, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nambalayo ndi yosakaniza, muli malipiro a pa ola omwe amadulidwa msonkho ndipo nthawi zambiri amakhala otsika, ndiye muli ndalama ya nyumba ndi chakudya yosadulidwa msonkho. Yosadulidwayo ndi yovomerezeka pokhapokha ngati uli ndi kwanu kwenikweni komwe ukulipirabe renti uku ukulipiranso komwe wapita, apo ayi a IRS, otolera msonkho kumeneko, akadzafufuza wolipira ndi iwe, osati kampani. Ndipo poti malipiro a pa ola ndi otsika, ovataimu nayo imawerengedwa motsika ngati simunagwirizane mtengo wake padera.

Koma olo kumeneko, funso langa kwa iye linali lomwe lija, khomo. Maola 36 aja ndi otsimikizika, kapena chipatala chikhoza kukuuza kuti lero odwala achepa khala kunyumba osakulipira, ndipo angachite zimenezo kangati? Ukadwala n'kujomba shifti, akudulanso ndalama ya nyumba? Chipatala chikathetsa kontrakiti sabata yachiwiri iwe utalipira kale renti ya miyezi itatu ndipo wayendetsa galimoto masiku awiri kuti ukafike, akupatsa chiyani? Nanga ukathetsa ndiwe, ulipira zingati? Pa ofa yake panalembedwa kuti chipatala chikhoza kuthetsa nthawi iliyonse popanda kulipira kanthu, koma iye akachoka abweze ndalama. Khomo la mbali imodzi. Zimenezi si zongoganizira, COVID itayamba kuzizira mu 2022 mitengo ya travel nursing inagwa ndipo anamwino ambiri anadandaula kuti anatsitsiridwa malipiro ali pakati pa kontrakiti, atasamuka kale, kuuzidwa kuti landira yatsopanoyi kapena uzipita. Ndinamuuzanso kuti afunse kuti namwino mmodzi amaona odwala angati, chifukwa ku California kuli lamulo kuyambira 2004, mu wodi wamba odwala osaposa asanu, ku ICU awiri, koma ma state ambiri alibe lamulo lotere, ndipo mlendo ndi amene amayamba kutumizidwa ku wodi ina yomwe saidziwa anthu akachepa. Cholakwika chikachitika kumeneko, laisensi yomwe ili pa moto ndi yako. Kuno ku UK n'chimodzimodzi, PIN ndi yako, NMC ikakuitana bwana sabwera nawe.

Njira yomwe ine ndaona kuti siinama ndi kuyankhula ndi munthu amene anagwirapo pamalopo n'kuchoka. Osati amene ejenti wakupatsani nambala yake, ameneyo anasankhidwa dala. Amalawi, a ku Zambia, a ku Zimbabwe tili pafupifupi tauni iliyonse kuno, mumatchalitchi, mmagulu a maliro, funsani mupeza wina amene akudziwa. Ndipo chilichonse chomwe akulonjezani pa foni muwauze achilembe pa imelo, chifukwa mawu a pa foni tsiku la mlandu amasanduka nthunzi. Pasipoti musapereke kwa munthu kuti akusungireni, kaya akhale wokoma mtima chotani, tinaona zomwe zinawachitikira azimayi athu omwe anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukapezeka atsekeredwa mmanyumba mapasipoti atalandidwa. Kukhala ndi digiri sikutiteteza ku zimenezo.

Ndikudziwa zomwe ena anene, chifukwa anandiuzapo pamaso. Amati inu mwakhuta kale nde mukutiphunzitsa kusankha ndiwo, ife tili ndi njala, bola kontrakiti yoipa ku UK kusiyana ndi kukhala pakhomo ku Area 25 ukupempha ya bandulo kwa amuna ako, komanso masiku ano malo achepa, NHS sikulembanso anthu akunja ngati mmene inkachitira mu 2022, nde ukachedwa ndi mafunso wina atenga. Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindiwapeputsa. Ine ndemwe ndikanawerenga tsamba 12 usiku uja mwina ndikanasainabe. Koma ndikanapita ndikudziwa. Ndikanayamba kusunga ya chitseko kuchokera mwezi woyamba mmalo motumiza zonse kumudzi, ndikanawauza achibale zoona kuti chaka choyamba musayembekezere zambiri, ndikanalowa yuniyoni ya RCN kapena Unison sabata yoyamba osati chaka chachiwiri pomwe zinthu zinali zitaonongeka kale, ndipo ndikanapempha kuti alembe zoti ndalamayo izitsika. Nthawi imeneyo malo aja anali atakhala miyezi opanda namwino wa usiku, ankandifuna kuposa mmene ine ndinkadziwira, koma ndinalowa ngati wopemphetsa, mutu pansi, zikomo bwana. Namwino amene anaikapo kanyula mumdima tochi ya foni ili pakamwa, amene anayendetsapo wodi yodzaza mpaka pansi yekha usiku wonse, si wopemphetsa, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti ndipatseni masiku atatu ndiwerenge. Komanso kuchepa kwa malo ndi chifukwa chenicheni chochenjerera, chifukwa malo enieni akachepa abodza ndi omwe amachuluka, ndipo munthu amene wagulitsa munda wa makolo n'kutenga katapila kuti agule ntchito yomwe kulibe sabwerera pomwe anali, amabwerera pansi kuposa pamenepo.

Zaka zanga zitatu ndinazimaliza, ndinawerenga masiku pa kalendala ya pa khoma ngati mkaidi, ndipo pano ndili ku NHS. Mwa atatu aja, wa ku America wabweza ofa ija n'kupempha kuti alembemo maola otsimikizika ndi zomwe amulipire chipatala chikathetsa, akudikira yankho. Wachiwiri ofa yake inali ya chipatala cha NHS chomwe anafunsira yekha, tinawerenga limodzi pa vidiyo kolo tsamba ndi tsamba, ndalama yobweza inali ndi mndandanda wake ndipo ikutsika chaka chilichonse, wasaina, akubwera nthawi yozizira ndipo ndamusungira jekete. Wa bolopeni yofiira uja anadzatumiza masamba onse, ndipo pa tsamba 9 panali £11,000 yosatsika, nyumba ya bwana yokakamiza, ndi kandime koti maola akhoza kusintha malinga ndi zosowa za kampani. Tinalemba limodzi imelo yaulemu ya mafunso anayi. Ejenti sanayankhe pa imelo, anaimba foni n'kumukalipira kuti ndani akukusokoneza, anthu ali pa mzere, ukapanda kutumiza dipoziti Lachisanu taiwala za iwe. Analira pa foni, amayi ake akwiya nane kuti ndamutsekera mwana mwayi, ndipo dzulo wandilembera kuti sanatumize, wayambanso kufunsira yekha, IELTS yake itha mphamvu chaka chamawa mu June.